Kadyansonga Pazenera la a Nachisale

Galimoto isanaime n'komwe, makwerero anali atayamba kale kudzuka. Anatambasuka mfundo ndi mfundo, kupyola denga la msika, kupyola njanji ya sitima zam'mwamba, mpaka dengu lakunsonga linalowa mu utsi. Anthu a mumzinda ankaitcha galimoto yozimitsa motoyi Kadyansonga. Inali ndi ubongo wakewake umene unkamva kugunda kwa mtima kuseri kwa khoma, n'kusankha wokha zenera loyambira. Kale makwerero ankawongoleredwa ndi manja, koma opanga makinawa anachotsa zogwirira zonse, ati munthu akaona mbale wake pamoto amaiwala ena onse.

Masana amenewo m'dengu munali wozimitsa moto wina, Bauleni, ndipo nyumba yosanja imene inkayaka ndi yomwe iye ankakhalamo. Mabatire osungira mphamvu ya dzuwa anali ataphulika pansi, moto n'kutseka masitepe. Mkazi wake Mwandida anali kuntchito. Koma m'chipinda chawo, pamwamba ndithu, munali apongozi ake, a Nachisale, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzalandira mankhwala a miyendo.

Chibwerereni, awiriwa anali asanayang'anepo m'maso. Mayiwo anali amwambo wakale. Akamva nsapato za mkamwini pakhomo ankalowa kukhitchini, ndipo moni ankapatsana kuseri kwa chitseko. Bauleni ankazilemekeza zimenezi, ngakhale anzake ankamuseka kuti mwamuna wosaopa moto amathawa mayi woyendera ndodo. Wotsogolera nthabwalazo anali Yobe, mnzake amene ankatsala pansi kuyang'anira mapaipi a madzi. Tsiku limenelo Yobe sanaseke. Anangomuuza pawailesi ya m'chisoti kuti mtima wa mayiwo ukumveka bwino, ndipo Kadyansonga wawaika poyamba chifukwa cha ukalamba wawo. Bauleni amati apo anathokoza Mulungu mokweza.

Dengulo linali lopapatiza, lokwana anthu awiri okha, ndipo wopulumutsidwa ankamangidwa ndi lamba chifuwa ndi chifuwa ndi wozimitsa moto. Makinawo analinso ndi lamulo losakakamiza munthu. Wina akabwerera m'mbuyo n'kutembenuza nkhope, ankamutenga kuti wakana, n'kupita kwa amene akutambasula manja.

Dengu litafika, kadzanja kachitsulo kanadula galasi la zenera. A Nachisale anali pomwepo, akutsokomola, chitenje atatseka nacho pakamwa. Anatambasula dzanja, koma ataona chigoba chopumira chimene Bauleni anavala kunkhope, chamaso agalasi ndi chipaipi cholendewera, anaima ngati akumana ndi chilombo panjira yakumanda.

Ozimitsa moto a mumzindawo anali ndi chizolowezi chawo chimene sichinalembedwe paliponse. Akapeza mwana kapena wokalamba akuchita mantha, ankakweza chigoba kuti aonetse nkhope ya munthu. Bauleni anali atachita zimenezi kambirimbiri, ndipo dzanja lake linachita lokha mutu usanaganize.

"Musaope, amayi. Ndine."

A Nachisale anabweza dzanja lija. Anasuntha m'mbuyo, nagwada movutikira ndi miyendo yawo yodwalayo, nkhope ataloza kukhoma.

"Zikomo, bambo. Pepani, takuvutitsani."

Bauleni anawachonderera. Anati atsinzina, anati atembenuka kuti awamangirire kumsana, anati mwambo udikire kaye lero lokha. Mayiwo anayankha motsitsa mawu, osamuyang'ana, kuti sangakumbatirane ndi mwamuna wa mwana wawo khamu lonse la pansipo likuona.

"Tumizani mnzanu, bambo. Ine ndidikira."

Pamenepo Kadyansonga analankhula ndi mawu ake aulemu, kuti munthuyu wakana, ndipo akupita kwa wotsatira. Bauleni anayesa kudumphira m'chipindamo, koma lamba wake sankamasuka dengu likakhala m'mwamba. Anagwira felemu ya zenera mpaka magolovesi anang'ambika. Anaitana Yobe kuti aimitse makinawo.

"Achimwene, ndilibe pogwira," anatero Yobe. "Ndikungomenya chitsulo."

Zenera lotsatira linali la mayi wina wa mwana kumsana. Bauleni anawamanga bwinobwino monga mwa ntchito yake, natsika nawo. Atangoponda pansi anasinthana ndi Yobe, poganiza kuti tsopano zatheka, mnzake uja wapezeka. Koma Kadyansonga anali atawaika a Nachisale kumapeto kwa mzere, pakuti okana ankabwera pambuyo pa onse ofuna. Yobe anafotokoza, anakalipa, anatukwana n'kupepesa pomwepo. Makinawo anangoyankha mofatsa kuti pali mitima ina ikudikira.

Bauleni anatenga paipi naloza madzi kuzenera lakelo. Madzi ankakwera n'kugonja panjira, n'kumugwera iye yemwe ngati mvula. Dengu linkakwera ndi kutsika. Linatsitsa telala wina, ana asukulu, bambo wakhungu amene ankaimba nyimbo ya kutchalitchi. Aliyense akatsika, anthu ankalulutira, ndipo Bauleni sankatha kuwada chifukwa cha chimwemwe chawo. Mwandida anafika akuthamanga opanda nsapato, naima pambali pake. Onse awiri ankangoyang'ana utsi wa pazenera lija ukusanduka wakuda.

Mzere utatha, dengu linakweranso, koma pazenera la a Nachisale silinaime. Panalibenso mtima woti liumve. Yobe amati podutsapo anasuzumira. Mayiwo anali atakhala pansi pafupi ndi zenera, atavala nsapato zawo, atamanga duku, chikwama chamankhwala chili pamiyendo.

Maliro atatha, Mwandida anafunsa mwamuna wake mawu omaliza a mayi ake. Bauleni anawabwereza monga anawamvera, osaonjezera kapena kuchotsa. Mwandida anati amayi ake sananamepo chibadwire, akati adikira ndiye kuti adikira.

Kadyansonga ankaphunzira pa moto uliwonse, n'kugawira zimene waphunzira kwa magalimoto anzake. Atasanthula za tsikulo, anapeza kuti mayiwo anali atatambasula kale dzanja, ndipo chimene chinasintha zinthu chinali kukweza chigoba. Kuyambira pamenepo zigoba zonse zimadzitseka zokha dengu likangonyamuka, ndipo sizitseguka mpaka litatera. Palibe amene anafunsidwa.

Bauleni amakwerabe. Amati ana tsopano amalira njira yonse yotsika, ndipo okalamba amatsinzina n'kumapemphera ali pachifuwa pake, osadziwa amene wawanyamula. Iye amawalankhula mofatsa kuseri kwa galasi, ngakhale mawu ake amatuluka ngati a makina. Ambiri amafika pansi amoyo, ndipo iye amayamika. Koma mpaka lero sadziwa choti apemphe kwa Mulungu: kuti amubwezere nkhope yake, kapena kuti ikhale yobisika chomwecho.