Ufa Ukhale Pamwamba

Widad anali ndi bulu. Dzina lake anali Zaytuna. Widad ankamukonda Zaytuna. Ankafuna kukhala naye mpaka kalekale.

Widad ndi makolo ake anachoka kumudzi. Anasamukira ku mzinda wa Fez. Zaytuna anapita nawo.

Kumudzi bambo ake, a Larbi, anali mlimi. Ku Fez anayamba ntchito yatsopano. Ankanyamula katundu pa bulu. Paja lole imathera pachipata cha mzinda. M'tinjira ta m'kati mumalowa oyenda ndi miyendo basi.

Tsiku lina sukulu inatsekera.

"Ababa, ndipite nawo?" anafunsa Widad.

"Tiye, mwanawe," anatero a Larbi.

Anafika pachipata. Lole inali itafika kale. Oyendetsa lole anali a Hamidu. A Hamidu ndiye osachedwa kupsa mtima!

"Fulumira, mlimi iwe!" anakuwa a Hamidu. "Kuno si kumunda!"

Ufa unatsika m'lole poyamba. A Larbi anauika pansi m'madengu a pamsana pa Zaytuna. Kenako kunatsika mafuta ndi shuga. Anaziika pamwamba pa ufa. Kenako kunatsika mazira. Anawaika pamwamba penipeni. Anamanga zonse ndi chingwe, gwa!

Ulendo unayamba. Zaytuna ankayenda. Ko, ko, ko!

Pafupi ndi chipata panali nyumba yophikira buledi. Eni ake anali a Bushta. A Bushta anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Larbi! Ufa wanga!" anakuwa.

"Ndikubwera, achimwene," anatero a Larbi. "Uli pansi. Kanjira nkakang'ono. Katundu yenseyu ndimutula pati?"

Zaytuna anadutsa. Ufa unadutsa. A Bushta anangoti kukamwa yasa.

Anatsetsereka. Anasiya mazira kwa mayi Zhor. Anatsetserekanso. Anasiya mafuta ndi shuga kusitolo ya kumtsinje. Kenako anabwerera. Anakwera mtunda. Anakwerabe mtunda. Zaytuna anali wefuwefu.

Anafika kwa a Bushta masana. Dzuwa linali litawala kale pachitseko. Anthu ogula buledi anali atabwerera chimanjamanja.

"Larbi, m'bale wanga, ndatopa," anatero a Bushta. "Tsiku lililonse ufa wanga umandipatsa moni nkudutsa. Mawa ufike dzuwa lisanakhudze chitseko ichi. Ukachedwa, ndipeza wina."

A Larbi anatsitsa ufa nkunyamuka.

Panjira Widad anafunsa, "Ababa, akapeza wina zitha bwanji?"

"A Bushta ndi amene amatipatsa ntchito yambiri," anatero a Larbi. "Akatisiya, Zaytuna tilibe chomudyetsa. Timugulitsa."

Widad anasendera pafupi ndi bulu wake. Anagwira khutu la Zaytuna. Linali lofewa. Widad anafuna kulira.

Koma sanalire. Atafika kunyumba, anatenga choko. Anagwada pabwalo. Anajambula chipata. Anajambula njira. Anatola miyala itatu.

"Uwu ndi a Bushta," anatero. "Uwu ndi mayi Zhor. Uwu ndi kumtsinje."

Anayendetsa chala. Anayendetsanso. Kenako anadumpha.

"Ababa! Tabwerani muone!"

A Larbi anabwera ndi tiyi m'manja. Amayi anabweranso.

"Ababa, timayamba kufika kwa ndani?"

"Kwa a Bushta."

"Nanga ufa wawo umakhala pati?"

"Pansi."

"Eya! Chotsika pomaliza chikhale pansi. Chotsika poyamba chikhale pamwamba. Ufa ukhale pamwamba!"

A Larbi anakanda m'mutu. "Nanga mazira? Ufa ndi wolemera. Mazira onse aphwanyika."

Widad anayang'ana miyala. Anaganiza. Anaganizabe.

"Mazira ndinyamula ine," anatero.

Amayi anaseka. "Bambo ake a Widad, mwamva? Bwana wanu ndi ameneyu."

M'mawa mwake anafika pachipata. Lole kunalibe! Anadikira. Anadikirabe. Dzuwa linayamba kukwera. Widad ankangoyang'ana kumwamba.

Kenako lole inatulukira. A Hamidu anaponya matumba awiri a ufa.

"Fulumira, mlimi iwe!"

A Larbi anawerama kuti anyamule ufa. Anali atazolowera.

"Ayi, Ababa!" anatero Widad. "Ufa udikire kaye."

"Aaa! Kamtsikana aka nkandani?" anafunsa a Hamidu.

"Ndine Widad, amalume. Tipatseni mafuta ndi shuga."

"Koma abale! Lero ndiye tili ndi kapitawo," anatero a Hamidu. Koma anawapatsa.

Mafuta analowa pansi. Shuga analowa pansi. Ufa unakhala pamwamba. Thumba limodzi uku, thumba lina uku. A Larbi anamanga chingwe, gwa! Widad anakumbatira dengu la mazira.

Ulendo unayamba. Ko, ko, ko!

Mwadzidzidzi kutsogolo kunamveka mawu. "Balak! Balak! Patukani!"

Kunkabwera bulu wina. Anali atasenza zikopa zambirimbiri. Anadzaza kanjira konse. Mayo ine, mazira!

Widad anamatirira kukhoma. Anakweza dengu pamutu. Anatseka maso. A Larbi anakokera Zaytuna pakhomo la eni. Bulu uja anadutsa. Zikopa zinakhudza mphuno ya Widad. Fungo lake, musanene!

Widad anatsegula maso. Anasuzumira m'dengu. Mazira onse anali bwinobwino.

"Tiyeni, Ababa! Tiye, Zaytuna!"

Ko, ko, ko! Ko, ko, ko!

A Bushta anali pakhomo, manja m'chiuno. Dzuwa linali pakhoma. Linali pafupi ndi chitseko. Linatsala pang'ono zedi!

Zaytuna anaima. A Larbi anamasula chingwe. Thumba loyamba linatsika, phi! Thumba lachiwiri linatsika, phi!

A Bushta anayang'ana ufa. Anayang'ana chitseko. Chitseko chinali pamthunzi.

"Ha! Lero ufa wanga walowa m'nyumba!" anatero. "Larbi, wadya chiyani?"

"Si ine, achimwene," anatero a Larbi. "Ndi mwanayu."

"Chotsika poyamba chikhale pamwamba, amalume," anatero Widad.

A Bushta anaseka mpaka ndevu kugwedera. Kenako anasuzumira m'madengu.

"M'madengumu mwatsala malo," anatero. "Ndili ndi makeke opita kumtsinje. Mungandinyamulire?"

A Larbi anayang'ana Widad. Widad anagwedeza mutu.

"Tinyamula," anatero a Larbi. "Lero, mawa ndi mkuja."

Anatsetsereka. Mazira anatsika kwa mayi Zhor. Anatsetserekanso. Makeke, shuga ndi mafuta zinatsika kumtsinje. Pobwerera madengu anali opepuka. Zaytuna anakwera mtunda mosavuta.

Kwa a Bushta kunkanunkhira. Anthu anali pamzere. Aliyense ankatuluka ndi buledi. A Bushta anaitana Widad.

"Kapitawo! Landira." Unali buledi wozungulira, wotentha.

Kunyumba amayi anali pakhomo.

"Zayenda bwanji?" anafunsa.

"Ufa wafika!" anakuwa Widad. "Wafika dzuwa lisanafike!"

Amayi analulutira. A Larbi ananyamula Widad m'mwamba. Anali osangalala kwambiri.

"Ababa, nanga Zaytuna?" anafunsa Widad.

"Zaytuna sagulitsidwa," anatero a Larbi. "Ndi wathu."

Widad ananyema buledi uja panayi. Chidutswa china cha amayi. China cha abambo. China chake. Chachikulu anachibisa kumbuyo.

Koma Zaytuna anali atachiona kale. Anatambasula khosi. Anachilanda, kwapu!

Onse anaseka. Widad anakumbatira khosi la Zaytuna.

"Idya, mnzanga," anatero. "Mawa tikulawira limodzi."