Ida ndi Limu ya Ababa

Ida ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuseweranso mpira wa manja.

Ida anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ndi amayi ake pafupi ndi msika wa Lizulu. Kwawo kunali mapiri. Kwawo kunali nkhungu. Kwawo kunali minda ya mbatata ya kachewere.

Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wozika. Pamwamba pake panali limu ya njinga yakale. Limuyo inalibe masipoko. Amene anaikhoma anali ababa ake a Ida. Anaikhoma ndi misomali itatu.

Ababa ankaima pambali. Ankati, "Pinda mawondo. Yang'ana limu. Ponya."

Ida ankapinda mawondo. Ankayang'ana limu. Ankaponya. Mpira unkalowa.

Kenako ababa anadwala. Anamwalira nthawi ya mvula. Anthu anabwera ambiri. Analira, anadya, anapita. Limu inatsala. Ida ankaponyabe tsiku lililonse.

Tsiku lina kusukulu kunali masewera. Ida analumpha kuti awakhe mpira. Potera anaponda pa kadzenje. Phazi linapindika. Ida anagwa. Anayesa kudzuka, koma analephera. Mnzake Janeti anathamanga kukaitana aphunzitsi.

Kuchipatala anaunika mwendowo. Anati fupa lathyoka pafupi ndi kakolo. Anamumanga chikhakha. Chikhakhacho chinali choyera. Chinali cholimba. Chinali cholemera.

Atafika kunyumba, Ida anagona masiku atatu. Tsiku lachinayi anatenga ndodo. Anapita kuseri kwa nyumba. Anayang'ana pamwamba pa mtengo. Limu panalibe. Panangotsala timabowo titatu.

Ida anafunsa amayi kumene limu yapita.

"Ndaichotsa," anatero amayi. "Mpira watha, Ida. Ababa ako anapita. Ndatsala ndi iwe wekha."

Amayi anatembenuka. Anatenga khasu. Anapita kumunda.

Ida anakhala ndi chikhakha milungu isanu ndi umodzi. Mwendo unkayabwa mkati. Ida sankatha kuukanda. Ankangogogoda pamwamba. Go, go, go.

Tsiku lochotsa chikhakha linafika. Anamwino, a Mirriam, anachicheka. Ida anayang'ana mwendo wake. Unali utawonda ngati bango. Khungu linali lotuwa. Phazi linkakana kupindika.

Ida anafunsa ngati mwendowo ndi wake.

A Mirriam anaseka. Anati mwendowo ndi wake ndithu, koma wagona nthawi yaitali. Anati mwendo wogona amaudzutsa mofatsa. Anamuphunzitsa zinthu zitatu. Azitola timiyala ndi zala za kuphazi. Aziimira zala atagwira khoma. Pomaliza, aziima ndi mwendo umodzi.

"Pang'ono lero, pang'ono mawa," anatero a Mirriam. "Ukabwerenso, udzaime ndi mwendo umenewu wokha. Ndidzawerenga mpaka makumi awiri. Ukadzatha, udzayambanso kuponya mpira."

Amayi anamva zonsezi. Koma sanayankhe.

Kunyumba amayi anayala mphasa pakhonde. Anauza Ida kuti akhale pansi. Anati mwendo wothyoka umafuna kupuma. Ida asatunge madzi. Ida asasese. Ida asapite kwa Janeti. Ida angokhala.

Inali nthawi ya tchuthi. Inalinso nthawi yokumba mbatata. Amayi ankabwera nayo m'matumba. Ankaikhuthula pakhonde. Ida anapempha ntchito. Amayi anamupatsa ntchito imodzi yokha, yogwira atakhala pansi. Anati azisankha mbatata.

Panali milu itatu. Mulu woyamba unali wa mbatata zazikulu. Izo zinkapita kumsika. Mulu wachiwiri unali wa mbatata zazing'ono. Izonso zinkapita kumsika. Mulu wachitatu unali wa mbatata zotemeka ndi khasu. Izo sizinkapita kulikonse. Zinkatsala pakhomo.

Panalinso timbatata tating'onoting'ono. Tinali ngati timiyala. Timeneti ankapatsa nkhumba.

Ida anayang'ana timbatatato. Anayang'ana phazi lake. Anakumbukira mawu a anamwino.

Anatambasula mwendo. Anayesa kutola kambatata ndi zala. Kanagwa. Anayesanso. Kanagwanso. Zala zinali zaulesi. Ida anayesa kachitatu. Kambatata kanakwera, kanakwera, kanalowa m'chitini.

Tsiku limenelo anatola tiwiri. Mawa lake anatola tinayi. Mkuja wake anatola khumi.

Amayi anaona. Anapukusa mutu. Anaganiza kuti Ida akungosewera.

Kenako Ida anayamba kuimira zala. Ankagwira khoma ndi manja awiri. Ankakweza zidendene. Ankatsitsa. Ankakweza. Ankatsitsa. Mwendo unkanjenjemera, koma Ida sanasiye.

Tsiku lina Ida anamva mphamvu. Anati mwendo wachira. Amayi anali kumunda. Ida anathamanga kuzungulira nyumba. Anazungulira kawiri. Analumphanso.

Madzulo kakolo kanatupa. Kankawawa. Amayi anagwira phazilo ndi manja ozizira. Maso awo anadzaza misozi.

"Waona?" anatero amayi.

Ida anaona. Anadziwa kuti wafulumira. A Mirriam sananene kuti athamange. Anati pang'ono lero, pang'ono mawa.

Ida anapuma masiku awiri. Anasanjika phazi pa thumba. Kutupa kunatha. Tsiku lachitatu anayambiranso. Anayambira pa timbatata. Kamodzi. Tiwiri. Titatu.

Patapita mlungu, anayesa kuima ndi mwendo umodzi. Anagwira khoma ndi dzanja limodzi. Mawa lake anagwira ndi chala chimodzi. Kenako anasiya khoma. Anawerenga mpaka zisanu. Anadzandira. Anagwiranso khoma.

Pang'ono lero. Pang'ono mawa.

M'mawa wina kunali nkhungu yambiri. Ida anaima ndi mwendo umodzi pakhonde. Patsogolo pake panali ndowa. Kukamwa kwa ndowayo kunali kozungulira. Kunali ngati limu.

Manja a Ida anayabwa. Anatola mbatata yaikulu. Anapinda bondo. Anayang'ana ndowa. Anaponya.

Ngwee! Mbatata inalowa.

Anatola ina. Ngwee! Anatola inanso. Ngwee!

Ida sanamve amayi akubwera. Amayi anatula thumba. Anayang'ana m'ndowa. Anakwiya. Anati mbatata yakumsika saiponya. Ikamenyeka imada mkati. Imaola msanga. Amene waigula amakakhumudwa. Ida anadziwa kuti amayi akunena zoona. Anapepesa.

Amayi anatola mbatata zitatuzo. Anaziika pa mulu wa zotemeka. Kenako analoza mphasa.

"Khala pansi, Ida. Uthyokanso."

Ida sanakhale. Anayang'ana mulu wa zotemeka. Anayang'ana amayi ake.

"Amayi," anatero Ida, "kodi inenso mwandiika pa mulu umenewu?"

Amayi anayang'ana muluwo.

"Zotemeka sizipita kulikonse," anatero Ida. "Ine ndikufuna kupita."

Amayi anakhala pansi pa thumba. Anatola mbatata imodzi yotemeka. Anaitembenuza m'manja. Bala lake linali litauma. Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndimaopa, mwana wanga," anatero amayi.

"Nanenso ndimaopa," anatero Ida. "Koma mwendo ukudzuka. Taonani."

Ida anakweza mwendo wabwino. Anaima ndi mwendo wothyoka uja. Amayi anatambasula manja kuti amugwire. Koma sanamugwire. Anayamba kuwerenga motsitsa mawu. Anafika pa zisanu ndi zitatu. Ida anatsitsa phazi.

Amayi anapukuta m'maso ndi chitenje. Anati za mpira akanena ndi a Mirriam. Anati mpaka tsiku limenelo Ida asathamange. Anatinso mbatata yakumsika asaiponyenso. Ida anavomera zonse.

Kuyambira tsiku limenelo amayi ankawerenga okha. Ankawerenga m'mawa asanapite kumunda. Ankawerenganso pobwera. Lolemba anafika pa khumi. Lachinayi anafika pa khumi ndi ziwiri. Loweruka Ida anadzandira pa zisanu ndi ziwiri. Anakhumudwa.

"Pang'ono lero," anatero amayi.

"Pang'ono mawa," anayankha Ida.

Amayi anamulola kusesa pabwalo. Kenako anamulola kuyenda mpaka kwa Janeti. Kenako anapita naye kumunda. Njira inali yokwera. Ida ankayenda, ankapuma, ankayendanso. Mwendo unayamba kunenepa.

Tsiku lopita kuchipatala linafika. A Mirriam anagwira kakolo. Anakapinda uku ndi uku. Anafunsa ngati kakuwawa. Ida anati ayi. A Mirriam anamuuza kuti aime pakati pa chipinda. Panalibe khoma loti agwire.

Ida anakweza mwendo wabwino. A Mirriam anayamba kuwerenga.

Anafika pa zisanu. Ida anali njii.

Anafika pa khumi. Ida anali njii.

Anafika pa khumi ndi zisanu. Mwendo unayamba kunjenjemera. Ida anapendekera kumanzere. Manja anauluka m'mwamba.

Kenako anamva mawu kumbuyo kwake. Anali amayi.

"Pinda bondo. Yang'ana kutsogolo."

Ida anapinda bondo pang'ono. Anayang'ana kutsogolo. Mwendo unakhazikika.

"Makumi awiri," anatero a Mirriam.

A Mirriam anati Ida angathe kuyamba kuponya. Anati kuthamanga ayambe mofatsa. Masewera enieni adikire milungu ina iwiri. Akamva kuwawa, apume. Nthawi ino amayi anayankha. Anati amva, ndipo anathokoza.

Atafika kunyumba, amayi analowa kuchipinda. Anagwada. Anakoka kanthu pansi pa bedi. Kanali kokulunga m'jekete la ababa. Amayi anafunyulula. Inali limu. M'thumba la jekete munali misomali itatu.

Amayi anabwereka makwerero kwa makolo a Janeti. Janeti anabwera ndi mpira. Ida anagwira makwerero mbali imodzi. Janeti anagwira mbali ina. Amayi anakwera ndi hamala. Anapeza timabowo titatu tija. Anakhoma momwemo. Kho, kho, kho.

Amayi anatsika. Anaima pambali, pamene ababa ankaima.

Ida anatenga mpira. Anaponya. Mpira unagunda mtengo. Anaponyanso. Mpira unagunda limu, unagwera kunja. Janeti anati manja nawo anagona. Ida anamutulutsira lilime.

Kenako Ida anapuma mozama. Anapinda mawondo. Anayang'ana limu. Anaponya.

Mpira unazungulira pa limu. Unazungulira. Unalowa.

Janeti analumpha. Ida sanalumphe. Anakumbukira kakolo kake. Anangokweza manja onse awiri.

Ida anatola mpira. Anaupereka kwa amayi. Amayi anakana. Anati iwo amadziwa khasu basi. Ida anawakakamiza. Amayi anamanga chitenje bwinobwino. Anapinda mawondo. Anatsinzina. Anaponya ndi mphamvu zonse.

Mpira unadutsa pamwamba pa limu. Unadutsa pamwamba pa mpanda. Unakagwera m'khola la nkhumba. Nkhumba inakuwa.

Amayi anaseka. Anaseka mpaka anagwira mtengo. Ida anali asanamve kuseka kumeneku chipitireni ababa.

"Ababa akonso sanagoletsepo," anatero amayi. "Ngakhale kamodzi. Ankangodziwa kuyankhula."

Ida anaseka. Janeti anapita kukatola mpira. Amayi anatenga jekete la ababa. Anamuveka Ida. Linamufika m'mawondo.

Ida anapempha kuti aponyenso kamodzi. Amayi anayang'ana phazi lake. Anayang'ana limu.

"Kamodzi kokha," anatero amayi. "Zina mawa."

Ida anapinda manja a jekete. Anapinda mawondo. Anayang'ana limu ya ababa. Anaponya.

Mpira unalowa.