Kansalu ka pa Kompyuta

"Ndiye kuti unkadziwa?"

"Tsitsa mawu, Evance. Abambo Mfumu ali m'chipinda chinacho."

"Ndafunsa kuti unkadziwa?"

Imelda anangoyang'ana kansalu kamene Evance anakagwira m'manja, koyera, kamaluwa ofiira, kamene iye mwini anakaluka milungu itatu.

Chaka chimenecho cha 1998, ofesi ya parishi ina ku Chadiza inalandira kompyuta, ndipo Imelda, wotaipa makalata, ndiye ankaisamala. Kwawo ku Zemba chinthu chamtengo sichikhala pamtunda. Wailesi amaifunditsa, makina osokera amawafunditsa. Nanga kompyuta ikhale yosavala pafumbi la Okutobala? Anafunditsa bokosi lonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Dzuwa likafika paliwombo, bokosilo linkatentha ngati mbaula, kenaka thii, kuzima. Abambo Mfumu ankaimba lamya ku Chipata, ndipo kampani inkatumiza mmisiri wake, Evance.

Evance yemwe uja! Amene anali naye kalasi imodzi kusekondale. Amene anamugwira dzanja tsiku lotsekera sukulu n'kunena kuti, "Duwa langa, ndikangopeza ntchito, ndidzaonekera kwa amalume ako a Mailosi." Ntchito anaipeza. Makalata ake anayamba kufupika, kenaka anangoti zii. Zaka ziwiri.

Tsiku loti mmisiri abwere, Imelda ankachotsa kansalu kaja n'kukaika m'dirowa. Evance ankatsegula bokosi, kuuzira fumbi, kumvetsera fani, kugwedeza mawaya. Kompyuta inkagwira ntchito tsiku lonse osazima. Maulendo anayi, vuto osalipeza.

Lero Evance anangotulukira osauza munthu, n'kuipeza itafunda.

"Timabowo iti ndi mphuno zake," anatero Evance akuloza kumbuyo kwa bokosi. "Fani imatulutsira mpweya wotentha apa. Ukatseka imabanika, ndiye imazima yokha kuti isapse. Paulendo wachiwiri ndinakuuza kuti usaigundike kukhoma, imafuna mpweya. Iwe unkatiposa tonse sayansi, Imelda."

"Ndinazindikira tsiku lomwelo."

"Koma n'kupitiriza? Abwana akuti ndine mmisiri wapakamwa. Akuti ndikalepheranso, zitsulo ndipatse mmisiri mnzanga Wadson."

Imelda anagwetsa nkhope. Zimenezo sankazidziwa.

"Pepa," anatero motsitsa. "Poyamba ndinkangoiteteza kufumbi. Koma nditakuona ukutsika minibasi, nsidze zili mbuu, ndinadzifunsa kuti, kani chitsulo chikatentha munthuyu amalawira mbandakucha? Ine wanga mtima watentha zaka ziwiri. Anabwera ndani kudzaumvetsera?"

Evance anakhala pansi. Kansalu kaja anakayala pabondo, n'kumasisita maluwawo ndi chala.

"Wokondedwa, ine ndimagona m'shopu, kuseri kwa makatoni. Ndikanawauza chiyani amalume ako? Kuti mwana wawo ndikamufunditsa makatoni?"

"Unandifunsapo ngati ndimaopa makatoni?"

"Ndinkachita manyazi."

"Manyazi ako anadya zaka zanga."

Evance anakokera bokosi kutali ndi khoma n'kudina batani. Fani inayamba kulira pang'onopang'ono, mpweya wofunda ukutuluka bwinobwino. Anadikira. Belu la Angelusi, pemphero la masana, linalira, malata akuthetheka ndi dzuwa. Kompyuta inali ngwe, osazima.

Imelda anaiyang'ana ngati mnzake amene wamuulula. Kodi si yomweyi inkamuitanira munthu wake?

"Siizimanso," anatero Evance akutseka chikwama cha zitsulo.

"Ndiye kuti sudzabweranso."

Kumsika, minibasi ya ku Chipata inali ikuliza hutala. Evance anafika pakhomo, nagwira chitseko, koma mwendo unakana kutuluka. Anatembenuka.

"Wandiyendetsa maulendo asanu, duwa langa, koma sunanene. Ukufuna chiyani?"

Imelda anatola kansalu kaja pampando, nakapinda kanayi, nakalowetsa m'thumba la malaya a Evance, cha pamtima.

"Loweruka amalume amakhala pakhomo, akuswa mtedza," anatero. "Ubwere ndi amalume ako. Chikwama ichi uchisiye ku Chipata. Ndikufuna kamodzi kokha, Evance, ukwere minibasi chifukwa cha ine."