Bateriya ya a Bonifácio

Inu a lero mumangodina pakhoma nyale n'kuyaka, ndiye kukoma kwa kuwala simungakudziwe. Ife tinakudziwa, pa kachipatala kena ka ku Ntengo-Wambalame, chaka cha 1989, nkhondo itafika pachimake.

Pamenepo panali nyale imodzi yokha ya chubu, yopachika m'chipinda cha azamba. Oisamala anali a Bonifácio, mkulu amene anaphunzira za magetsi kwa Apwitikizi. Mlonda anali Zacarias, bambo wa ana awiri. Kale nyaleyo inkayaka ndi jeradori, injini yopanga magetsi. Balasitiro yake, kabokosi kamene kamayendetsa moto m'chubu, inali yolemera, yotentha, ndipo inkalira ngati njuchi usiku wonse. Eee, masiku amenewo! Odikira odwala ankakazinga chimanga pakhonde, ana akutola ngumbi pansi pa zenera, wina aliyense akudziwa kuti pamene pakulira njuchipo pali thandizo.

Nkhondo inathetsa zonsezo. Gazoliyo, mafuta a injiniyo, anasowa, komanso phokoso la jeradori linkaitana anthu a mfuti. Ndiye ansembe ena anabweretsa kabalasitiro katsopano, kopepuka, kodya moto pang'ono, koyaka ndi bateriya ya galimoto. Kameneka sikankalira ngakhale pang'ono. A Bonifácio anakalumikiza okha, koma akung'ung'udza.

"Nyale yosalankhula," ankatero, "ikadwala ndidzadziwa bwanji?"

Mabateriya anali awiri. Imodzi ikatha moto, mkuluyo ankaimanga panjinga n'kupita nayo ku Tsangano kukaidzadzitsa. Ulendo uno ananyamuka Lolemba. Lachinayi linafika asanabwere.

Madzulo ake anali wamba. Nkhungu inatsika, kuzizira kunayamba, anthu ananyamula magombeza kupita kukagona kuphiri poopa nkhondo, monga mwa masiku onse. Koma Mónica, mkazi wa Zacarias, nthawi yake inali itakwana. Mayi Teresa, azamba, anaphimba mazenera kuti kuwala kusatuluke, kenako anamulozera Zacarias panja pa chipinda. Mwamuna salowa m'chikuta, kaya ndi nkhondo kaya ndi mtendere. N'chifukwa chake bateriya inkakhala m'kanjira ka m'kati, mawaya akudutsa pansi pa chitseko. Zacarias anakhala pambali pake mumdima. Chimene ankaona ndi kamzere ka kuwala pansi pa chitsekocho, basi.

Pakati pa usiku mwana analira. Bamboyo asanamwetulire n'komwe, anamva mawu a Mayi Teresa.

"Magazi sakuleka. Ndiyenera kusoka. Bambo Zacarias, nyale iyi isazime!"

Kamzere kaja kanali katayamba kale kufooka. Zacarias anapala mitu ya bateriya ndi mpeni. Anamangitsa mawaya. Anaigwedeza, anaipempha ngati munthu. Kamzere kanaphethira kawiri, n'kuzima. Mdima bii.

"Sindikuona kanthu!" anakuwa azamba. Kandulo inatha kalekale, parafini ndiye osanena. Mónica anali atasiya kubuula.

Go, go, go.

Chinali chitseko chakunja. Kugogodako kunali m'munsi, ngati munthu akumenya ndi phazi chifukwa manja ali ndi katundu. Zacarias anauma. Usiku wa nkhondo sutsegulira munthu. Anatchera khutu. Galu wa pachipatalapo, wouwa ngakhale tsamba, anali phee.

"Zacarias. Tsegula, yandilemera."

Anali a Bonifácio. Zacarias anatsegula. Mkuluyo anaima m'nkhungu, bateriya ili paphewa, alibe chipewa, alibe njinga. Ankamveka fungo la dothi lonyowa. Anaitula pakhomo, koma sanalowe.

Mantha amapusitsa munthu, abale. M'malo monena kuti takulandirani, m'malo mofunsa za m'njira, Zacarias anakalipa.

"Masiku anayi, akulu inu! Munali kumowa kodi? Mkazi wanga akufa muno!"

Mkuluyo anangomuyang'ana. "Waya wofiira ku mtanda," anatero motsitsa mawu. "Usasinthanitse, kabalasitiro kangapse."

Zacarias anakokera bateriya m'kati, n'kukankha chitseko ndi chidendene, osacheuka. Inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anapapasa ndi chala mpaka anapeza kamtanda kodindidwa pafupi ndi mutu umodzi wa bateriyayo, n'kulumikiza. Kamzere kanabwerera, kowala kuposa kale.

"Zikomo Ambuye," anatero Mayi Teresa m'katimo.

Kenako Zacarias anamva kulira. Kunayamba pang'onopang'ono, kukuchokera kudenga la chipinda chija. Kunali kulira kwa njuchi kuja, kwa balasitiro yakale imene iye mwini anakaitaya kudzala miyezi isanu m'mbuyomo. Anafuna kuchotsa waya, dzanja linakana. Anangokhala pansi, akumvetsera, misozi ikutsika, pakuti kuliraku kunamukumbutsa zaka zimene anthu ankagona m'nyumba zawo.

Tambala woyamba atalira, Mayi Teresa anatsegula chitseko. "Apulumuka," anatero. Pomwepo nyale inazima, kulira kuja n'kuleka.

Kutacha Zacarias anatuluka kuti akapepese. Pakhonde panalibe munthu. Pamatope a pakhomo panalibe phazi ndi limodzi lomwe. Dzuwa litakwera anafika amuna awiri a mudzi wa kunsi, akukankha njinga yopindika gudumu. Anati anapeza mtembo wa a Bonifácio pa dooko la mtsinje. Anawomberedwa Lachiwiri akubwerera, ndipo anawaika m'manda Lachinayi masana.

"Bateriya yokha sitinaione," anatero mmodzi wa iwo. "Koma onani, zingwe zake zili chimangire."

Zacarias anawalowetsa. Ataitembenuza bateriya yobwera usiku ija, anaona chiboo cha chipolopolo m'mbali mwake, cholowa chala. Madzi ake onse anali atatayika, m'kati muli gwa. Mayi Teresa anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kukhala pansi.

Anthu ananong'ona zosiyanasiyana. Ena ankati wakufa ntchito ili m'manja sagona mpaka ataitula. Ena ankati zimenezo n'zosafunsa. Mónica anachira, ndipo mwana uja lero ndi mphunzitsi ku Chidzolomondo. Koma Zacarias, wakalamba tsopano, akafika pamenepa sanena kuti anaopa. Amangogwetsa nkhope.

"Munthu wamkulu kudzuka kumene anadzukako," amatero, "kusenza katundu mtunda wonse uja chifukwa cha mkazi wanga. Ine n'kuwafunsa ngati anali kumowa."