Agogo Achedwa ku Ntchito

Panali mtsikana wina, dzina lake Kamphepo. Amayi ake ndiwo anamupatsa dzinali, chifukwa sankakhazikika.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti agogo ake aamuna apumeko.

Agogo ankakhala ku nyumba yosamalira okalamba. Ankadwala matenda oiwala. Ankaiwala tsiku. Ankaiwala chipinda chawo.

Akaweruka kusukulu, Kamphepo ankathamangira komweko. Ankapeza agogo akuyenda m'khonde. Kupita uku, kubwerera uku. Kugwedeza chitseko ichi, kugwedeza chitseko icho.

"Ndachedwa!" ankatero agogo. "Ndachedwa ku ntchito!"

"Agogo, khalani pansi," ankatero Kamphepo.

Agogo sankakhala.

Anesi anabweretsa mpira. Agogo anakana. "Ine si mwana," anatero.

Anesi anabweretsa mapepala ndi makrayoni. Agogo anakana.

Anesi anatsegula wailesi. Agogo anangodutsa. Kupita uku, kubwerera uku.

Tsiku lina agogo anasowa. Kuchipinda kunalibe. M'khonde munalibe. Anesi anathamanga. Kamphepo anathamanga kuposa anesi.

Anawapeza pageti. Alonda anali atawagwira dzanja. Agogo anali atawerama. Ankayang'ana nsapato za alonda.

"Achimwene, nsapato zanuzi zili ndi ludzu," anatero agogo. "Zalawa liti polishi?"

Alonda anaseka. Koma anesi sanaseke.

"Kunjaku kuli magalimoto," anatero anesi. "Tsiku lina sitidzawapeza."

Kamphepo atafika kunyumba, sanavule n'komwe yunifolomu.

"Amayi, kodi agogo ankagwira ntchito yanji?"

"Ankasoka nsapato," anayankha amayi. "Ankazipukutanso. Bokosi lawo lili kunsi kwa bedi."

Kamphepo analikoka bokosilo. Munali burashi. Munali nsanza. Munali zingwe za nsapato. Munalinso singano ndi kampeni.

M'mawa mwake, amayi anaimbira foni anesi kuwauza za bokosilo.

"Bweretsani," anatero anesi. "Koma singano ndi kampeni zitsale."

Masana Kamphepo anaika bokosi m'khonde. Anaika mpando pambali pake. Anatsegula kachitini ka polishi watsopano.

Agogo anabwera. Anadutsa.

Agogo anabwerera. Ananunkhiza. Anadutsanso.

"Agogo, khalani pansi!"

Agogo sanakhale.

Kamphepo anazungulira mpando kawiri. Kenako anavula nsapato imodzi. Anagogoda pabokosi. Go! Go! Go!

"Odi, abwana! Kodi mwatsegula?"

Agogo anaima. Anatembenuka. Anayang'ana nsapato ija. Anayang'ana bokosi.

"Tatsegula," anatero. "Mwadikira nthawi yaitali?"

Agogo anakhala pampando. Anayala nsanza pabondo. Anatenga burashi. Kwecha, kwecha, kwecha! Manja awo sanaiwale. Nsapato inayamba kuwala.

Alonda anabweretsa nsapato zawo zaludzu. Anesi anabweretsa zawo. Agogo ena aakazi anatulukira ndi ndodo yawo.

"Nanga ife tizingoonera?" anafunsa.

"Inu muzipinda nsanza," anatero Kamphepo.

Agogo ena aamuna anali pa njinga ya olumala. Iwo analowetsa zingwe m'mabowo. Kamphepo ankatola nsapato m'zipinda. Kupita uku, kubwerera uku!

Anesi analemba pabolodi: "Masana aliwonse, kupukuta nsapato."

Masiku ena agogo ankayendabe. Koma Kamphepo akagogoda pabokosi, ankabwerera.

Loweruka amayi anabwera. Anaponda pabokosi ndi nsapato yawo. Agogo anapukuta. Kwecha, kwecha! Kenako anayang'ana zingwe. Anapukusa mutu.

"Wamanga mfundo iyi ndani?"

"Ndine," anatero amayi.

Agogo anadzutsa mutu. Anawayang'ana amayi kwa nthawi.

"Iwe mwana wanga! Kodi ndinakuphunzitsa kumanga chonchi?"

Amayi anaseka, misozi ili m'maso.

"Ndiphunzitseninso, bambo."

"Khala apa," anatero agogo. "Nawenso kamtsikana, khala apa."

Amayi anakhala pansi. Kamphepo anakhala pansi. Agogo anamasula zingwe zija. Anayamba kumanga pang'onopang'ono, kuti onse awiri aone bwino.