Imfa za m'Filimu ya a Dickson

Dzuwa litapendeka, Ezeliya anatula ndowa pakhonde n'kuyamba kuchapa malaya a mwamuna wake, Moses. Anali malaya amene anavala masana pojambula filimu, ndipo panthiti panali banga lofiira. Magaziwo anali onamizira. Triza, amene ankapaka osewera zodzola asanajambulidwe, ankawapanga ndi madzi a chidede ndi shuga, ndipo masiku onse magaziwo ankachoka msanga pochapa. Tsikuli Ezeliya anafikisa mpaka zala kuwawa, koma banga linkangoderako. Atanunkhiza, anamva fungo la pophera mbuzi pamsika wa Nsaru.

Filimuyo inali ya a Dickson, mnzake wa Moses kuyambira kusukulu. Nkhani analemba okha, kamera ankagwira okha, ndipo ikafika mbali ya wapolisi wofufuza ankaimika kamerayo pamiyendo yake n'kulowamo okha. Inali nkhani ya achifwamba opha anthu pa esiteti ya fodya, ndipo ankajambulira m'chigafa chakale kufupi ndi Kabudula. Ezeliya ankatola mawu. Ankanyamula nsungwi yaitali yomangirira maikolofoni kunsonga, zomvera zili m'makutu.

Woyamba kufa anali Dyson, amene ankasewera ngati mlonda. M'filimu anamupotokola khosi ndi chingwe. Sabata isanathe khosi lake linatupa, ndipo anatsirizika akukanda pakhosi ngati akumasula chinachake. Wachiwiri anali Febe, amene m'filimu anaponyedwa m'chitsime. Anamupeza m'mawa pamphasa pake, chitenje chili chouma, koma madzi amatope akutuluka m'mphuno ndi m'kamwa.

Pamjigo amayi ankanong'onezana. Ena ankati chigafacho chili ndi eni ake, ndipo odutsa chakumadzulo ankamva chingwe chikulira pamtanda mphepo palibe. Ena ankaloza Triza, poti ndi amene ankagwira nkhope za onse, mpaka nyumba yake anaigenda. Ezeliya anachonderera Moses kuti asiye.

"Fodya watipatsa chiyani, mayi a Monica?" anayankha Moses. "Apa anthu ationera pa kanema. Yanditsalira mbali imodzi basi."

Mbali imeneyo ndi imene anajambula masanawo: Moses, monga tenanti wapaesitetiyo, akubayidwa panthiti.

Ezeliya akadali chigwirire malaya aja, anamva kubuula m'nyumba. Anapeza Moses atadzipinda pansi, dzanja lili panthiti.

"Mwatani?"

"Pali chinthu chikulowa apa. Chozizira."

Anamutengera kuchipatala pa kabaza. Kumeneko anamupima bwinobwino koma sanapeze bala kapena chotupa, ndipo anamubweza kunyumba. Akulu a mpingo anabwera kudzapemphera. Moses anangokhalira kubuula, milomo itayera mbuu, ndipo m'chipindamo munadzaza fungo lija.

Mawa lake Ezeliya anasiya wodwala ndi apongozi ake n'kuthamangira kuchigafa. Anapeza a Dickson akupukuta kamera.

"Alamu, ndagwira mwendo wanu. Jambulaninso. Tenanti uja adzuke, apolisi amupeze ali moyo. Ngakhale pamphasa pomwe wagonapo mukamujambule."

"Nkhani siisintha, alamu. Wafa wafa."

"Si wam'filimu ndikunena. Ndikunena mnzanu."

A Dickson sanamuyang'ane. "Tithane kaye ndi mbali yanga lero. Zinazo tikambirana tikamaliza."

Ezeliya anavomera, poti analibe kwina kogwira. Anawapanika kamaikolofoni kakang'ono pakolala ya malaya aupolisi, n'kuvala zomvera. Anajambula mpaka dzuwa kufiira. Atamaliza, a Dickson anati akupita kukadzithandiza, ndipo analowera m'mabulugamu kuseri kwa chigafa. Kamaikolofoni kaja anakaiwala pakolala.

Ezeliya ankafuna kuvula zomvera pamene anamva masamba ouma akuphwanyika, kenako mawu a a Dickson, apafupi ngati akumunong'oneza iye.

"Awiri munatenga. Wachitatu ndi uyo akubuulayo. Nanga dzina langa limveka liti?"

Panayankha mawu ena, okhala ngati munthu akulankhulira mumtsuko.

"Usafulumire. Aliyense amene kamera yamuona akufa ndi wako. Adzakugwirira ntchito osatopa."

Kumbuyo kwa mawuwo kunali kung'ung'udza kwa anthu olephera kutchula mawu. Wina anatsokomola. Ezeliya anali atamva chifuwa chimenecho m'zomvera zake kwa milungu yambiri, ndipo sakanachisokoneza ndi china. Chinali cha Dyson.

Anathamangira m'mabulugamu muja. Anapeza a Dickson atagwada okha patsinde pa chulu. Patsogolo pawo panali nsupa yakuda yonyezimira mafuta, itakulungidwa ndi tizidutswa ta nsalu zimene osewera ankavala. Ezeliya sanawamenye, sanawatukwane. Anagwada.

"Ndamva zonse. Musiyeni Moses. Ngati mukufuna munthu, ndine pano."

A Dickson anagwira pakolala, n'kukamva kamaikolofoni kaja. Anakathothola pang'onopang'ono.

"Mwachedwa, alamu. Ndinajambula kale."

Apo m'pamene Ezeliya anakuwa. Triza, amene ankalongedza zodzola m'chigafa, anafika woyamba, ndipo ataona nsupayo anathamangira kumunda kukaitana anthu. Pofika amuna ndi makasu, a Dickson anali atakolekera chikwama cha kamera kumsana, njinga yamoto ikulirira kumsewu wa ku Nsaru. Anthu anakumba chulucho, anatentha nsupa ndi nsanza zonse. Utsi wake unali wonunkha ngati tsitsi lopserera.

Ezeliya anabwerera kumudzi ali ndi kachiyembekezo koti motowo wamasula mwamuna wake. Asanafike pamjigo anamva apongozi ake akulira.

Anamuika Moses pafupi ndi bambo ake. Apolisi enieni anabwera, anafunsa mafunso, koma panalibe choti n'kugwira. Za a Dickson zinkangomveka patalipatali. Ena ankati ali m'tauni, mafilimu awo akuonetsedwa paliponse, ndipo agula galimoto.

Mvula itatha, Ezeliya anapita ku Msundwe kukagulitsa mtedza. M'mbali mwa msewu wa ku Mchinji anaona chikhamu cha anthu chitazungulira ojambula filimu. Anafuna kulambalala, koma maso ake anagwera pa wonyamula nsungwi. Anali munthu wowonda, chipewa chitaphimba nkhope, manja ali m'mwamba osanjenjemera ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Phewa lakumanzere linali lotsika pang'ono. Ezeliya analidziwa phewalo, linatsika ndi mabelo a fodya.

Thumba la mtedza linagwa. Anapyola anthu mpaka kutsogolo.

"Bambo a Monica?"

Munthuyo anatembenuka. Anali Moses. Maso ake anamuzindikira, misozi inalengeza, ndipo anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Munalibe lilime.

Ezeliya anamugwira mkono, wozizira ngati mwala wapadambo, n'kuyamba kumukoka. "Tiyeni kwathu. Anthuni, ndithandizeni, awa ndi amuna anga!"

Anthu anaseka n'kuwomba m'manja. Ankayesa ndi mbali ya filimu.

Kuseri kwa kamera kunadzuka a Dickson, onenepa, atavala magalasi akuda. Anamwetulira ngati aona mlendo amene ankamuyembekezera, n'kutembenuzira kamera kwa Ezeliya.

"Mwafika bwino, alamu," anatero. "Timasowa mayi woti afe m'mbali imeneyi."

Kanyali kofiira ka pakamera kanayaka. Ezeliya anakaona, koma mkono wa Moses sanausiye.