Chimalaya cha Kasingano

Kasingano anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Anali wochepa thupi. Ankalowa paliponse. N'chifukwa chake onse ankamutcha Kasingano.

Bambo ake anali telala. Makina awo ankalira tsiku lonse. Kasingano ankakhala pansi pa tebulo. Ankatola tizidutswa ta nsalu.

Achemwali ake anali oyembekezera. Uyu anali mwana wawo woyamba. Pakhomo ponse panali chimwemwe.

Aliyense ankakonzekera. Amayi anachapa matewera. Alamu anakhoma kabedi. Bambo anasoka chikwama cha kuchipatala.

"Nanga ine?" anafunsa Kasingano.

"Iwe ukule kaye," anatero Alamu akuseka.

Kasingano sanaseke. Iye ankafuna kusokera mwana kamalaya. Ankafuna kuti mwana avale kamalayako tsiku lobadwa lenilenilo.

Koma panali vuto. Bambo ankati, "Osadula nsalu usanayeze munthu." Nanga munthu wosabadwa umamuyeza bwanji?

Tsiku lina Kasingano anaperekeza Achemwali ku sikelo. Achemwali anagona pabedi. Anamwino anatulutsa tepi m'thumba. Tepi yeniyeni, ngati ya Bambo! Anaiyala pamimba.

"Mukuyeza chiyani?" anafunsa Kasingano.

"Ndikuyeza mwana," anayankha Anamwino. "Ndione ngati akukula bwino."

"Ali m'kati momwemo?"

"Eya, momwemo."

Kasingano anatong'ola maso. Basi, nzeru anaipeza!

Atafika kunyumba anatenga tepi ya Bambo.

"Achemwali, imirirani. Kwezani manja."

Achemwali anakweza manja. Kasingano anazunguliza tepi mimba yonse, mpaka kumsana.

"Ukutani kodi iwe?"

"Musagwedezeke, mundisokoneza," anatero Kasingano ndi mawu ngati a Bambo.

Achemwali anaseka. Mimba inagwedezeka. Kasingano anayezanso kachiwiri.

Kenaka analowa pansi pa tebulo. Sanauze munthu. Anasankha nsalu zofewa zokhazokha. Yofiira, yachikasu, yamaluwa. Analumikiza. Anasoka. Anasoka. Anasokabe.

Singano inamubaya chala. Anayamwa chalacho, napitiriza. Sabata yonse inatha. Pomaliza anaika mabatani atatu kutsogolo.

"Bambo, taonani kamalaya ka mwana!"

Bambo anatambasula. Anatambasula. Anatambasulabe. Kamalaya kuti? Chinali chimalaya!

"Mayo ine!" anafuula Alamu. "Kodi tikuyembekezera mwana wa njovu?"

Onse anaseka. Amayi anachita kugwira nthiti.

"Unayeza ndani, mwanawe?" anafunsa Bambo.

"Mwana. Ndinayeza pamimba, ngati Anamwino."

"Kuyeza unayeza bwino," anatero Bambo. "Koma unayeza mwana pamodzi ndi nyumba yake."

Kasingano anachita manyazi. Mtima unamuwawa kwambiri. Misozi inangoti mbwe-mbwe-mbwe.

"Tonthola," anatero Bambo. "Mawa tidzachepetsa limodzi."

Koma mwana sanadikire zimenezo. M'mawa kutacha, Achemwali anaitana.

"Amayi, nthawi yakwana!"

Alamu anathamangira galimoto. Amayi ananyamula chikwama. Nthawi yochepetsa chimalaya panalibe.

"Kasingano, ika chimalaya chija m'chikwama," anatero Achemwali.

"N'chachikulu," anayankha Kasingano chapansipansi.

"Ika basi. Wasoka ndiwe."

Kasingano anachipinda. Anachiika pansi penipeni.

Madzulo dzuwa likadalipo, Bambo anamutenga kupita kuchipatala. Mwana anali atabadwa. Anali wamkazi. Anali wamng'ono zedi. Timiyendo tinali ngati zala za Bambo.

Kunja kunkazizira. Mwana ankalira. Ankalira. Ankalirabe.

"Mwanayu akumva kuzizira," anatero Anamwino. "Akufuna thupi la mayi ake. Mumuike pachifuwa, m'kati mwa malaya."

Achemwali anayesa. Bulauzi yawo inali yothina. Mwana sanakwanemo.

"Mulibe chovala chachikulu?" anafunsa Anamwino.

Amayi anapisa m'chikwama. Anatulutsa matewera. Anatulutsa sopo. Anatulutsa timasokosi. Kenaka anatulutsa chinthu chofiira, chachikasu, chamaluwa.

Kasingano anabisala kumbuyo kwa Bambo.

"Chimenechi!" anatero Anamwino. "Bweretsani kuno."

Achemwali anavala chimalaya. Anamwino anaika mwana pachifuwa. Anamanga batani loyamba. Anamanga lachiwiri. Lachitatu analisiya. Kamutu ka mwana kanatulukira pamenepo.

Mwana analira pang'ono. Kenaka anangoti zii. Anagona.

"Chawakwana onse awiri," anatero Anamwino. "Anasoka ndani chimenechi?"

Bambo anasuntha kuti Kasingano aoneke.

"Telala wake ndi uyu," anatero.

Alamu anakanda m'mutu. "Pepani atelala. Ndinaseka msanga."

Kasingano anamwetulira mpaka mano onse kuoneka. Mtima wake unadzaza chimwemwe.

"Sendera kuno," anatero Achemwali. "Lero ndiwe mayi wamng'ono. Mwana wako ndi uyu."

Kasingano anasendera pang'onopang'ono. Anasuzumira m'chimalaya. Mwana anali gone, tsaya lili pa nsalu yamaluwa.

"Moni mwananga," ananong'ona Kasingano. "Ndasoka ndine. Muzikhalamo nonse awiri."